Makilomita 89 a ku Durban, Makilomita 101 a Kwathu



Nkhani ya mwezi uno yachokera pa mkangano umene unabuka pa gulupu yathu ya WhatsApp. Mnzathu wina anaponya kavidiyo ka masekondi ochepa. Bambo wina waima pamzere womalizira mpikisano, wafulatira othamanga, m'manja muli mfuti, maso ali pa wotchi. Kumbuyo kwake anthu akubwera, ena akutsimphina, ena agwirana m'mapewa ngati akuchokera kumanda, wina wagwa ndipo akukwawa. Mfuti ija phuu! Basi, njira yatsekedwa. Amene watsala kunja, ngakhale ndi phazi limodzi, palibe mendulo. Wathamanga maola 12, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka, koma m'buku la omaliza dzina lake mulibe.

Ndemanga zinagwa ngati matalala. Wina anati, "Awa ndi anthu okhuta, asowa chochita." Wina anati, "Ine kuthamanga mtunda wonsewo popanda galu wondipirikitsa? Mwandilakwira." Mtsikana wina wa mu kalabu, simukumusowa, anati akawatenge onsewo akawasenzetse matumba a khofi ku Misuku kuti mphamvuzo zisapite pachabe. Inenso ndinaseka nawo, sindinama. Koma mukudziwa kuti chilembereni mayeso a Fomu 4 nthawi ndili nayo yambiri kuposa ndalama, ndiye ndinawononga mabandulo angapo kufufuza kuti misala imeneyi inayamba bwanji. Zimene ndinapeza zinandithetsa phwete. Mbiri ya mpikisano uja imadutsa pakhomo pathu penipeni, pano pa Chitipa, ndipo anthu amene anavutika kwambiri m'mbiriyo sanali okhuta ayi.

Mpikisano wa mu vidiyo ija ndi Comrades Marathon wa ku South Africa. Umachitika pakati pa mizinda ya Durban ndi Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 89. Chaka china amayambira ku Durban, kunyanja, n'kumakwera; chaka china amayambira kumtunda n'kumatsika. Musanamizike kuti chaka chotsika ndiye chofewa, eni ake amati kutsetsereka ndiko kumaphwanya ntchafu ndi mawondo. Panjira pali zitunda zisanu zotchuka: Cowies, Fields, Botha's, Inchanga ndi Polly Shortts. Chomalizachi, chaka chokwera, umakumana nacho utathamanga kale makilomita pafupifupi 80, miyendo itasanduka zitsa. Anthu amanyamuka m'mamawa, atamva kulira kwa tambala kojambulidwa pa makina, ndipo masiku ano amene amalembetsa amapitirira 20,000.

Amene anauyambitsa ndi Vic Clapham, woyendetsa sitima ya pamtunda. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, Clapham anali msilikali wa South Africa m'dziko limene lero ndi Tanzania, panthawiyo lili m'manja mwa Ajeremani. Nkhondo ya kumeneko inali ya miyendo. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, ankadziwa kuti sangapambane pomenyana maso ndi maso, ndiye ankamenya n'kuthawa, kumenya n'kuthawa, Angerezi ndi anzawo akumulondola m'thengo zaka zinayi. Clapham anayenda makilomita pafupifupi 2,700 wapansi, dzuwa likuswa mtengo, anzake akugwa ndi malungo ndi kamwazi. Atabwerera kwawo anafuna chinthu chokumbukira anzakewo. Sanafune chipilala cha simenti. Anafuna kuti anthu amoyo azimva m'matupi mwawo pang'ono chabe za ululu umene asilikali anamva.

Apa ndi pamene ndinakhala tsonga. Nkhondo imene Clapham anamenya ndi yomwe ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti yolira motsatizana ija. Ndipo malire a nkhondoyo anali mtsinje wa Songwe, womwewu timawoloka popita ku Isongole kukagula zinthu. Tsidya lino Angerezi, tsidya linalo Ajeremani. Pa 9 Sepitembala 1914 kunamenyedwa nkhondo pa Karonga, ndipo imfa za Amalawi kumeneko ndi zina mwa zimene zinakwiyitsa John Chilembwe mpaka analemba kalata yodzudzula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Mu Meyi 1916, asilikali a General Edward Northey ananyamuka kulowa m'dziko la Ajeremani kuchokera m'malo a m'malire muno: Karonga, Fife kufupi ndi Nakonde, Abercorn imene lero ndi Mbala, komanso Fort Hill. Fort Hill, kwa amene munkagona pa phunziro la Histole, ndi pano pa boma pathu. Ndipo nkhondoyo inathera pafupi ndi ife: kumayambiriro kwa Novembala 1918 von Lettow-Vorbeck anaukira Fife, n'kupitirira mpaka Kasama, ndipo anakatula zida ku Abercorn pa 25 Novembala, patatha milungu iwiri ku Ulaya nkhondo itatha kale.

N'chifukwa chiyani zonsezi zinkadutsa kuno, kumene mpaka lero anthu a ku Lilongwe amati ndi kumapeto a dziko? Chifukwa cha msewu. Mu 1881, injiniya wina wa ku Scotland, James Stewart, anayamba kulambula msewu wochokera ku Karonga kukwera mapiri athuwa, cholinga chake kukafika ku nyanja ya Tanganyika. Ndalama anapereka ndi James Stevenson, wamalonda wa ku Glasgow, n'chifukwa chake unatchedwa Stevenson Road. Stewart anamwalira mu 1883 msewu usanafike patali, ndipo mbali yaikulu inangokhala njira ya miyendo. Komabe katundu ankadutsa. Ngakhale sitima ya pamadzi ya amishoni yotchedwa Good News inadutsa njira imeneyi ili zidutswazidutswa, pamitu pa anthu, n'kukalumikizidwa ku Tanganyika. Taganizani, aise: sitima yachitsulo kukwera kuchokera kunyanja kudutsa kuno, injini yake ili khosi la munthu.

Anthu amenewo ndi amtengatenga. Nkhondo itabwera, ntchitoyo inasanduka ukapolo weniweni. Kumene kunkamenyedwa nkhondo kunalibe misewu ya galimoto yodalirika, ndipo mahatchi ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu. Olemba mbiri, monga Melvin Page amene anayenda m'dziko muno kufunsa okalamba amene anaiona nkhondoyi, amati amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anagwira ntchito ya mtengatenga, pamene pafupifupi 19,000 anali asilikali. Panthawiyo anthu onse m'dziko muno anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Werengerani nokha kuti m'midzi munatsala ndani. Ambiri sanapite mwakufuna. Amesenjala ndi apolisi ankagwira anthu usiku, mafumu ankaopsezedwa akapanda kupereka chiwerengero, ndipo nthawi zina ankagwira akazi kuti amuna awo atuluke kumene abisala.

Katundu wa munthu mmodzi ankalemera makilogalamu 25 kapena kuposerapo: ufa, mpunga, zipolopolo, mankhwala, mahema a azungu. Ndipo pali masamu ena owawa amene sindinawaganizirepo. Wonyamula chakudya nayenso amadya. Tiyerekeze kuti akudya kilogalamu imodzi patsiku. Ngati ulendo ndi wa masiku khumi kupita, khumi kubwerera, ndiye kuti mwa makilogalamu 25 aja, 20 ndi ake omwe, asilikali alandira asanu okha. Choncho nkhondo ikamapita kutali, pankafunika anthu ochulukirachulukira, ndipo njira yachidule ya akuluakulu a nkhondo inali kuchepetsa chakudya cha wonyamulayo. Anthu ankayenda ndi njala, opanda nsapato, opanda chofunda chokwanira m'mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja. Mabuku a boma analemba amtengatenga a ku Nyasaland oposa 4,000 amene anafa, koma amenewo ndi okhawo amene wina anavutika kuwalemba. Amene anathawa n'kukafera m'thengo, kapena anafika kumudzi n'kumwalira patapita sabata, sanalowe m'buku. Kenako obwerawo anafika pamodzi ndi chimfine choopsa cha 1918 chija.

Nditawerenga izi ndinapita kwa agogo anga aamuna, ndinawapeza akusema mpini kuseri kwa nkhokwe. Ndinati, "Agogo, kodi kwathu kuno aliko amene anapita ku mtengatenga?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati nsima imadyedwa. Anati agogo awo anapita, ndipo iwo ali mwana ankawaona: paliwombo panalibe tsitsi, osati dazi la ukalamba, koma chipsera cha katundu, chifukwa nkhata inkatha iwo ulendo usanathe. Anati mkuluyo sankakonda kukamba za kumeneko, koma akaona mwana akutaya mkute ankanjenjemera ndi ukali. Ndinafunsa ngati anabwerako ndi kalikonse. Agogo anaseka. "Anabwera ndi moyo, mwana iwe. Ukufunanso chiyani?" Ndakhala nawo pakhomo limodzi zaka zonsezi, nkhaniyi sindinaimvepo, chifukwa sindinafunsepo.

Tibwerere kwa Clapham. Anapempha bungwe la asilikali akale, League of Comrades of the Great War, kuti limuthandize. Anamukana mu 1919, anamukananso mu 1920, amvekere palibe munthu wamutu wabwino angathamange mtunda umenewo. Iye ankayankha kuti ngati munthu wamba anatengedwa mumsewu, n'kusenzetsedwa chikwama cholemera, n'kuyendetsedwa Africa yonse, ndiye wothamanga wophunzitsidwa angalephere bwanji? Mu 1921 anamulola, n'kumubwereka paundi imodzi yoyendetsera zonse. Pa 24 Meyi 1921, anthu 34 ananyamuka ku Pietermaritzburg, pamsewu wafumbi. Anafika ku Durban ndi 16. Woyamba anali mlimi wina, Bill Rowan, pa maola 8 ndi mphindi 59, ndipo mpaka lero amene wamaliza pakati pa maola 7 ndi theka ndi maola 9 amalandira mendulo ya dzina lake.

Tsono chimene chinandipweteka ndi ichi. Mpikisano wokumbukira kuvutika kwa pa nkhondo ija unali wa amuna achizungu okhaokha. Anthu akuda, amene pa nkhondoyo anayenda mitunda yomweyo atasenza katundu wa azunguwo, sankaloledwa. Akazinso ayi. Koma anthu ena ndi amakani abwino. Mu 1923 mayi wina, Frances Hayward, anathamanga popanda chilolezo ndipo anamaliza pa maola 11 ndi mphindi 35. Mu 1935 munthu wakuda, Robert Mtshali, anachita chimodzimodzi, anamaliza pa maola 9 ndi theka, nthawi yabwino ndithu, koma mendulo ya mpikisano sanapatsidwe. Geti linatsegulidwa kwa akuda ndi akazi mu 1975, patatha zaka 54. Mu 1981, boma la tsankho litalumikiza mpikisanowu ndi zikondwerero zake, mnyamata wachizungu wa pa yunivesite, Bruce Fordyce, anathamanga atamanga kansalu kakuda pamkono posonyeza kukwiya. Anthu ena anamugenda ndi tomato, koma anapambana, ndipo anadzapambana kasanu ndi kanayi konse. Munthu wakuda woyamba kupambana anali Sam Tshabalala, wogwira ntchito ku njanji, mu 1989, Mandela akadali m'ndende. Mneba wathu wa ku Zimbabwe, Stephen Muzhingi, anapambana zaka zitatu zotsatizana, 2009, 2010 ndi 2011. Nanga Mtshali? Mendulo ya dzina lake inayamba kuperekedwa mu 2019, kwa omaliza pakati pa maola 9 ndi 10. Zaka 84, eti. Mwini wake anali atapita kalekale.

Sindikunyoza Clapham. Anavutikadi, ndipo chimene anayambitsa lero ndi chinthu chokongola: tsiku limenelo wolemera ndi wosauka amasanza m'ngalande imodzi, ndipo amene wagwa amadzutsidwa ndi munthu amene sakumudziwa n'komwe dzina. Koma sindingathenso kuonera vidiyo ija osaganiza za mkulu wa chipsera paliwombo uja. Clapham anayenda makilomita 2,700, ndipo dzina lake lili pa mendulo imene amalandira omaliza mu ola lotsiriza. Agogo a agogo anga dzina lawo likudziwika ndi nkhalamba imodzi yosema mipini.

Mwina n'chifukwa chake mpikisano umene ndaukonda kwambiri pa yonse imene ndawerenga ndi wa konkuno ku Malawi: Porters' Race wa pa phiri la Mulanje. Dzina lenilenilo likutanthauza mpikisano wa onyamula katundu. Unayamba cha m'ma 1996, ndipo poyamba unali wa anyamata okhawo amene amanyamula zikwama za alendo ndi kuwalondolera njira paphiripo. Kunena kwina, amtengatenga a masiku ano, kusiyana kwake n'kwakuti awa amalipidwa ndipo akhoza kukana. Pambuyo pake unatsegulidwa kwa aliyense, amuna ndi akazi, a kuno ndi akunja. Umachitika mu Julayi, nthawi ya chisanu. Amayambira ku Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, kenako kutsika kubwerera ku Likhubula. Ndi makilomita ongopitirira 20, ndiye wina anena kuti aa, zochepa. Pitani mukaone. Ndi miyala, mitsinje, zitunda zoti pena umagwira ndi manja, ndipo potsika ukaphonya phazi limodzi mano atsala pamwala. Mlendo wamba njira imeneyi imamutengera tsiku lathunthu kapena kuposa. Opambana amaimaliza pa maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo ambiri mwa othamanga amakhala opanda nsapato kapena avala zapulasitiki, pamene alendo a nsapato zodula akubwera m'mbuyo ali wefuwefu.

Ndipo phirilo latulutsa anthu. Tereza Master, amene anadziwika pa mpikisano umenewu, anakaimira Malawi pa marathon ya Olympics ku Rio de Janeiro mu 2016. Edson Kumwamba, mwana wa ku Mulanje amene anakulira kuonera ndi kuthamanga Porters' Race, anapita ku Cape Town kukafuna ganyu ngati abale athu ambiri, n'kukatchuka kumeneko pa mipikisano ya m'mapiri ya mitunda italiitali, mpaka kukathamanga ku Mont Blanc, ku France. Pano palibe amene anadikira zaka 54 kuti onyamula katundu aloledwe. Iwo ndiwo anali eni ake, ndipo ndi iwo anatsegulira ena.

Kunja kuli ina yambiri, ndingotchulapo iwiri kuti mudziwe kuti misala ilibe malire. Ku Morocco kuli Marathon des Sables, umene unayamba mu 1986: makilomita pafupifupi 250 m'chipululu cha Sahara, pafupifupi sabata yathunthu, chakudya chako chonse uli nacho kumsana, eni mpikisano amangokupatsa madzi ndi pogona. Anthu amalipira ndalama zoti kuno ungamangire nyumba kuti akasenze katundu padzuwa. Ndipo amene anaupambana kakhumi, Lahcen Ahansal, ndi mwana wa m'chipululu momwemo, wa m'banja la oweta ziweto. Ku America, m'boma la Tennessee, kuli Barkley Marathons: makilomita pafupifupi 160 m'nkhalango ya minga, maola 60, njira yopanda zikwangwani, ndipo umboni woti wadutsa ponse ndi masamba amene umang'amba m'mabuku obisidwa m'thengo. Kuchokera 1986 kufika 2024 anthu 20 okha ndi amene anaumaliza. Mkazi woyamba, Jasmin Paris, dokotala wa ziweto wa ku Britain komanso mayi wa ana awiri, anamaliza mu 2024 patangotsala masekondi 99. Imeneyi ndi yongowerenga, tisanamizane. Tikiti ya ndege yokha ingadye chimanga cha mudzi wonse.

Koma ngati tikukamba za kupirira pa mtunda, ife a Chitipa tili ndi munthu wathu amene sindikuona womuposa, ndipo n'zamanyazi kuti ena mu kalabu simunamumvepo. Legson Kayira, wa m'mudzi wa Mpale, ku Nthalire. Anaphunzira ku Livingstonia, ndipo atamaliza anali ngati ine ndi inu lero: satifiketi m'manja, kutsogolo kuli mdima. Anamva za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, anthu osauka amene maphunziro anawakweza, ndipo anaganiza zopita ku America kukaphunzira. Ndalama analibe, pasipoti analibe, sukulu yomuyembekeza kunalibe. Mu Okutobala 1958 ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, atatenga kamba wa masiku ochepa, kankhwangwa, bulangete, Baibulo ndi buku la The Pilgrim's Progress. Pulani yake inali yoyenda mpaka ku Egypt, akakwere sitima ya pamadzi kumeneko.

Anadutsa Tanganyika, dziko lomwe lija amtengatenga anafera zaka 40 m'mbuyomo, akuima m'malo kugwira maganyu kuti apeze chakudya, kudwala, kuchira, kupitiriza. Anafika ku Kampala, ku Uganda, patatha chaka ndi miyezi ingapo. Kumeneko, mu laibulale ya Amereka, anapeza buku la mayina a makoleji, ndipo analembera Skagit Valley College ya ku Mount Vernon, m'boma la Washington. Anamuyankha kuti bwera, malo alipo. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, ku Sudan, kumene anakapeza viza, ndipo ophunzira ndi anthu a ku Mount Vernon anasonkha ndalama ya ndege. Anafika ku America mu Disembala 1960. Zaka ziwiri panjira, makilomita oposa 3,000, mbali yaikulu ndi mapazi. Anadzaphunziranso ku University of Washington ndi ku Cambridge, n'kulemba mabuku angapo. La ulendo wakewu, la 1965, mutu wake ndi I Will Try, mawu amene anawatenga pa chizindikiro cha sukulu yake ya Livingstonia. Anamwalira ku London mu 2012. Dzina loti Legson anadzipatsa yekha ali pasukulu, ndipo ine ndimaseka ndikaganiza kuti m'Chingerezi chiyambi cha dzinalo ndi mwendo. Anadzilosera yekha mkuluyu.

Makilomita 3,000 ndi Comrades kokwana 33, ndipo panalibe matebulo a madzi m'mbali mwa msewu, panalibe ambulansi, panalibe omuombera m'manja.

Tsono kwa mnzanga amene anati mipikisano iyi ndi ya anthu okhuta, ndikuvomera theka. Zoona, pamafunika kukhuta kuti munthu asankhe kuvutika. Mtengatenga sanasankhe. Amayi amene amatsika ku Misuku ndi mkoko wa nthochi pamutu sasankha, ndipo tisawanamize kuti akuchita masewera. Kusiyana kwa mpikisano ndi thangata ndi kumeneko: pa mpikisano ukhoza kuima, kukhala pansi, n'kunena kuti zandikwana, popanda chikoti kumsana. Koma theka linalo ndikukana. Kunena kuti mtunda wautali ndi wa azungu kapena wa olemera ndiko kupereka kwa eni ena chinthu chimene makolo athu anachilipira ndi matupi awo. Ine ndikufuna ndidzayende mtunda woterowo kamodzi m'moyo, mwa kufuna kwanga, popanda katundu wa munthu wina pamutu.

Ndipo sitifunika viza. Msewu wa phula wochokera ku Karonga kufika pano pa boma ndi makilomita 101. Ukuposa Comrades ndi makilomita 12. Umayambira kunyanja, pamamita pafupifupi 500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, n'kudzathera kuno pamamita pafupifupi 1,300, ndiye kuti ndi chaka chokwera chokhachokha. Amene munakwerapo minibasi yodzaza pa zitunda za cha ku Kayelekera, injini ikulira ngati mbuzi yomangidwa, mukudziwa chimene ndikunena. Ndipo ukulowera komwe kunkalowera Stevenson Road, kuchoka kunyanja kukwera kuno. Timauyenda titagona pampando, mahedifoni m'makutu, osadziwa kuti mapiri amenewa anthu anawakwera ndi zidutswa za sitima pamutu. Tilinso ndi Mafinga, tili ndi Misuku, tili ndi Nyika imene pamwamba pake m'pokwera kuposa mamita 2,000, ngati kumene Akenya amakaphunzirira kuthamanga ku Iten. Mapiri amene anthu ena amawalipirira ndege ife timawadandaula kuti amatithera mabuleki a njinga.

Musaganize kuti ndikunena za mawa. Ndinayesa ndekha sabata yatha, mwakachetechete, kuti ndione ngati pakamwa panga ndi miyendo yanga zikugwirizana. Ndinanyamuka m'mawa ndi liwiro la mtondo wadooka, ngati ndikuthamangira mpira. Ndisanathe ola limodzi m'nthiti munabaya, malovu anauma, chala chachikulu chinatuluka thuza, ndipo ndinabwerera pa kabaza wangongole. Wakabazayo anandifunsa kuti, "Achimwene, amakuthamangitsani ndani?" Ndinasowa choyankha. Ndaphunzira kuti mtunda wautali umafuna kuyamba pang'onopang'ono mpaka kudzimvera manyazi, kumwa madzi ludzu lisanafike, ndi kuwonjezera mtunda pang'ono sabata iliyonse kwa miyezi yambiri. Ngakhale a Comrades salola munthu kungobwera: uyenera kukhala ndi zaka 20, komanso uyambe wamaliza marathon ya makilomita 42 pa nthawi imene iwo aika. Zaka ndakwanitsa chaka chino. Zinazo ayi.

Ndiye pempho langa ku komiti ndi kwa nonse lili pawiri. Loyamba, tiyambe kuthamanga limodzi Loweruka lililonse, makilomita asanu okha poyamba, atsikana ndi anyamata, aliyense ndi nsapato zimene ali nazo. Tikalimba, tidzakambirane zosonkherana kuti awiri mwa ife, mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi, adzapite ku Mulanje mu Julayi wina. Ulendo wochoka kuno kukafika ku Likhubula pa basi ndi mpikisano pawokha, koma zitheka. Za Karonga mpaka Chitipa tidzayambe mopatsirana, aliyense makilomita khumi, ndi njinga yonyamula madzi pambuyo, titadziwitsa apolisi ndi achipatala. Wofuna kudzaumaliza yekha wonse adzaonekera m'tsogolo.

Lachiwiri ndi lofulumira kuposa loyamba, chifukwa msewu udikira koma nkhalamba sizidikira. Aliyense apite kwa agogo ake, kaya ku Kameme, ku Wenya, ku Chisenga, ku Ifumbo kapena ku Nthalire, akafunse m'chilankhulo chawo, Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, chilichonse: kwathu kuno ndani anapita ku mtengatenga? Ndani anayenda wapansi kupita ku migodi ya golide ya ku Lupa, ku Copperbelt kapena ku Joni? Anayenda masiku angati, anabwerako kapena anatchona? Jambulani mawuwo pa foni ngati alola, lembani mayina m'kope. Tsiku limene tidzathamange msewu wa Karonga, aliyense adzalembe dzina limodzi papepala n'kulimata pamsana pa malaya ake. Langa ndalipeza kale, agogo anandiuza atamaliza kusema mpini uja.

Loweruka tikumana 5 koloko m'mawa pabwalo la mpira pomwe timakumanirana. Bwerani ndi botolo la madzi. Amene muli ndi ngongole ya kabaza ngati ine, mubwezeretu Lachisanu, chifukwa mwina timufunanso.